A Chidzanja ndi Mpando Wophulika

Fatsani ankakonza magalimoto pamalo a bambo Chidzanja ku Ndirande. Tsiku lina a Chidzanja anasirira mpando wachikopa m'galimoto ya kasitomala.

"Iwe Fatsani, uchotse mpando uwu ukaike m'galimoto yanga, wanga wong'ambika uja uike muno. Ukakana, mawa usamuke pamalo panga."

"Chabwino bwana," anatero Fatsani. "Koma mpandowu uli ndi eyabagi, thumba lija limafufuma pangozi. Timayamba tachotsa waya wa batire, n'kudikira kuti magetsi atheretu, kenako n'kuzula pulagi yachikasu ili pansiyi."

Zonsezo zinali zoona. Bodza linabwera pambuyo.

"Kungoti ikamva kuti pampando palibe munthu, imaphulika. Khalanipo inuyo, ndinu olemera bwino. Koma mukangodzuka, phuu!"

A Chidzanja anakhalapo, manja pamaondo. Fatsani anachotsa waya uja, n'kuzembera kuseri kukaimbira foni mwini galimoto. Dzuwa linaswa mtengo, a Chidzanja thukuta lili kamukamu. Ntchentche inawatera pamphuno, koma sanayerekeze kuithamangitsa.

Patatha ola lathunthu anatulukira mayi Nasiyaya, oweruza milandu kukhoti.

"Bambo, mukutani m'galimoto yanga?"

"Chonde mayi, musandigwedeze," ananong'ona a Chidzanja osatembenuza khosi. "Ndikadzuka, mpando wangawu uphulika."

"Mpando wanu?"

Fatsani anapukuta m'manja modekha.

"Dzukani bwana, suphulika ayi. Afotokozereni mayiwa mmene mpandowu wakhalira wanu. Musafulumire, kumvetsera nkhani zoterezi ndiye ntchito yawo."