Mayi Amene Anamata Kagalasi ka Uvuni

Panali mayi wina ku Chilomoni, katswiri wa makeke a ukwati. Uvuni wake wamagetsi anakhala nawo zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ankaunyadira kuposa mwamuna wake.

Sabata ya ukwati wa Nthambi, mwana wake mmodzi yekhayo, uvuniwo unayamba zachilendo. Kutsogolo kwake kunali kagalasi koonetsa kutentha kwa m'kati. Mayiyo akatchera pa 180, manambala ankangokwera okha mpaka 240, kenako kabelu n'kumalira, tii! tii! Anadina mabatani onse, anazimitsa pakhoma n'kuyatsanso, koma ayi ndithu.

Anaitana mmisiri. Mmisiriyo anatsegula kumbuyo, nayeza mawaya, napukusa mutu.

"Mayi, kagalasika kalibe mlandu," anatero. "Chafa ndi kachitsulo kodula moto ukafika pamlingo. Katsopano ndingakapeze Lolemba. Kekeyi kaphikireni kwa anzanu."

Kwa anzake? Iye, amene anaphunzitsa theka la deralo kumenya mazira? Anthu adzati chiyani?

"Bambo, uvuniwu ndimaudziwa ndine," anayankha mayiyo. "Kabodza n'kagalasika."

Lachisanu masana anasakaniza zonse zimene achibale anasonkha: mazira a kumudzi, batala, ufa, ndi zipatso zouma zimene anazinyika mwezi wathunthu. Anathira m'mathini atatu ophikira keke, nawalowetsa mu uvuni. Manambala atayamba kukwera, anatenga pulasitala n'kumata pakagalasipo, nakweza wailesi kuti asamve kabelu. Chitseko sanatsegule, pakuti wophika aliyense amadziwa kuti keke ikapitidwa mphepo imaphwa.

Chinamudzidzimutsa ndi utsi. Keke ija kunja makala, m'kati phala. Anakhala pansi pasimenti, nalira ngati pamaliro. Zipatso za mwezi sizinyikika tsiku limodzi, ndipo achibale sasonkha kawiri.

Mawa lake, pa ukwatipo, pamaso pa akuchimuna onse, Nthambi anadula kakeke kogula m'sitolo, kakang'ono ngati mbale ya ndiwo. Sanawadzudzule mayi ake. Anangoti, "Zikomo, amayi," maso ali pansi. Mayiyo akanakonda atamutukwana. Sanaphikenso keke moyo wake wonse.

Abale anga, wakutsina khutu ndi mnansi, koma ife timamumata pakamwa. Mwina ndi mkazi wanu, mwina dokotala, mwina mtima wanu womwe. Mukamutontholetsa moto suzima ayi, umangopsereza mwakachetechete. Kodi inu munasiya kulankhula ndi ndani chifukwa anakuuzani zoona?