Mayina Amene Che Mdoka Ankamva Masana

Tsiku lina itatha swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, Che Mdoka anafika pakhonde la mzikiti wina wa ku Namwera akutsamira ndodo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi anayi, ndipo kale ndiwo ankaitanira anthu ku swala. Anapereka salamu kwa Shehe Ajibu Likwata, nakhala pamkeka chapatali pang'ono.

Anayamba ndi kudandaula kuti duwa, pemphero limene Shehe anawaphunzitsa mwezi wathawo, yakana kulowa m'mutu. Ankaibwereza mpaka kukhosi kuuma, koma kukacha ankapeza m'mutu muli mbee.

Kenako mkuluyo anatsitsa mawu. Anati masana aliwonse, dzuwa likafika paliwombo, amamva kuseri kwa nyumba yawo mawu a mwalimu, mphunzitsi wawo wa paubwana, amene anamwalira iwo asanakwatire, akuitana mayina a ana a madrasa, sukulu ya Chisilamu, monga ankachitira kale. Amene anamwalira amayankha mmodzimmodzi kuti ndilipo. Dzina la wamoyo likatchulidwa pamakhala zii.

"Tinatsala awiri, ine ndi Che Usi," anatero. "Lachiwiri Che Usi anayankha, ndipo Lachitatu inu nomwe munaswalitsa jeneza lawo tisanawaike m'manda. Tsopano dzina losayankhidwa ndi langa lokha. Shehe, ndizivutikirabe ndi duwa imene siikukhala m'mutu?"

Shehe anati za mawu akuseri kwa nyumbawo akudziwa ndi Allah, iwo sangayerekeze kumasulira zimene sakuzidziwa. Koma anapempha mkuluyo kuti anene duwa ija, mpaka pamene angathe kufika.

Che Mdoka anatsinzina. Panatuluka mawu atatu oyambirira, kenako anaima. Anayesanso kawiri, koma ankathera pomwepo. Anaweramitsa mutu ndi manyazi.

Apo Shehe anasendera pafupi nawagwira dzanja.

"Bambo anga, muli mwana munkaloweza tsamba lathunthu tsiku limodzi. Lero mawu atatu akutengerani mwezi. Komabe alowa, ndipo mutu wotsekeka sukanawalandira. Tsiku loyankha silili m'manja mwanu kapena mwanga. Koma mwalimu wanu akadzakufunsani kuti munalekezera pati, ndi bwino mukawauze kuti akuitanani muli pakati pa phunziro. Bwerani mawa, tidzawonjezere liwu lachinayi."