Nangozo ndi Nkhono ya M'dimba

Kale, m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe, munali mayi wina dzina lake Nangozo. Iye ndi mwamuna wake Chimwaza anawokera kabichi dimba lonse, poti ukwati wa mwana wawo Tiyese unali pafupi ndipo alendo akanafuna ndiwo.

Kabichiyo asanayambe kukulunga, masamba anayamba kubooka. M'malo ena munkatsala kakhungu kopyapyala koonekera kuwala.

"Ndi nkhono izi!" anatero Chimwaza. Anatola nkhono zodzaza chidebe n'kukataya kutsidya, koma mabowo ankangochuluka. Pamapeto pake anati, "Mawa ndizula zonse, tidzale mpiru."

"Bambo a Tiyese, ndipatseni m'mawa umodzi wokha," anapempha Nangozo. "Wakuba sitinamugwire dzanja lili m'nkhokwe."

Kutacha, mame asanaume, Nangozo anapeza nkhono imodzi patsinde la kabichi n'kukhala pansi pambali pake. Nkhonoyo inali itabisala m'chigoba. Mayiyo anadikira osasuntha, miyendo mpaka kuchita dzanzi. Kenaka nkhono inatulutsa tinyanga take pang'onopang'ono, ndipo kunsonga kwake Nangozo anaona timadontho tiwiri takuda. Anali maso! Koma nkhonoyo inangotsetsereka n'kukadya tsamba lofota lapansi.

Ali chiyang'anire, anaona kanthu kakugwedera kunsi kwa tsamba lam'mwamba. Kanali kambozi kobiriwira ngati tsambalo, kosaposa chikhadabo, kakukukuta. Atakakhudza, kanaphiriphitha chobwerera m'mbuyo n'kulendewera pakaulusi. Anatembenuza tsamba lina, n'linanso. Timbozi tinali mbwee!

"Bwerani mudzaone akuba anu!" anafuula.

Chimwaza anagwada, nayang'anitsitsa, napukusa mutu. "Ine ndadutsa pano kangati, Nangozo? Mwationa bwanji inu?"

"Inu mumadutsa. Ine ndinakhala pansi."

Tsiku lomwelo anatola timbozito ndi manja. Anasinja masamba a chitsamba cha ombwe, nawaviika m'madzi, ndipo atasefa anawaza kunsi kwa masamba, kumene timbozi timabisala. Masamba owonongeka anawakwirira. Sabata iliyonse ankatembenuzanso masamba, mpaka kabichi anakulunga mitu yolimba gwa.

Alimi anzawo akamufunsa mankhwala ake, Chimwaza ankaloza mkazi wake monyadira n'kunena kuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mawuwa ndiwo mwambi umene tikuumva lerowu, ana inu. Wopupuluma amalanga wosalakwa, vuto n'kumakulirakulira. Chobisika chimaonekera kwa munthu wofatsa, amene amayamba waonetsetsa asanatukule dzanja.