Mayi Amene Ankayankha Asanawerenge

Ku Mponela kunali mayi wina amene ankagwira ntchito pachipatala chaching'ono. Sanali namwino ayi. Ntchito yake inali kukolopa m'wodi, kusintha nsalu pamabedi ndi kugwirizira odwala popita kubafa. Koma zaka zimene anakhala pamenepo zinamuphunzitsa zambiri. Mwana akangolowa pakhomo ali kumsana kwa mayi ake, iye ankadziwa kale kuti awa ndi malungo, kapena kuti uyu watha madzi m'thupi. Kawirikawiri ankalondola.

Mtima wake unali pa unamwino. Masamu anakhoza, sayansi anakhoza, koma Chingerezi chinamugwetsa pamayeso a Folomu 4. Analembanso, chinamugwetsanso. Tsono zaka zake zinali zitayandikira malire amene sukulu ya anamwino imalandira. Akalephera ulendo uno, khomo lija litsekeka, ndipo adzakalamba ndi chokolopera m'manja.

Choncho anayamba kupita kwa aphunzitsi ena opuma pantchito, a Mkwezalamba, amene ankathandiza akuluakulu obwereza mayeso pakhonde la nyumba yawo Loweruka masana. Mayiyu sanali waulesi. Malamulo a galamala anawagwira msanga. Mawu atsopano ankawabwereza chamumtima uku akukolopa, mpaka odwala ena ankayesa kuti akupemphera. Chimene chinkamuvuta chinali chimodzi: kuwerenga nkhani ndi kuyankha mafunso ake.

Tsiku lina aphunzitsi aja anamupatsa nkhani ya mzimayi amene mwana wake anadwala, ndipo anafika naye kuchipatala mochedwa. Mayi wathuyu atangoona mizere yoyamba anamwetulira. Izi ndiye zake. Maso anangodumpha pamwamba pa nkhaniyo n'kukatera pa mafunso. Funso loyamba linkati, n'chifukwa chiyani mzimayiyo anachedwa kufika kuchipatala? Iye analemba m'Chingerezi chosalala bwino kuti anachedwa chifukwa anayamba wapita kwa sing'anga.

A Mkwezalamba anawerenga, n'kuthetha.

Mayiyo anati, "Aphunzitsi, mwalakwitsa kuchonga. Ine ndimawaona tsiku ndi tsiku azimayi amenewa. Amabwera mwana ali ndi mphini thupi lonse."

Aphunzitsi anati, "Sindikukana, mayi. Chiganizo chanu chilibe banga, ndipo chipatala mukuchidziwa kuposa ine. Koma funsoli silikufunsa za azimayi a kuntchito kwanu. Likufunsa za mzimayi wa papepalali. Tengani pepalali mupite nalo. Mukam'peza sing'anga m'menemo, mubwere mudzandionetse."

Mayiyo ananyamuka osatsanzika. Njira yonse ankalankhula yekha. Munthu amene sanagwirepo mwana wokomoka angandiuze chiyani ine? Loweruka lotsatira sanapite. Linzake sanapitenso. Anayamba kufunsa ngati kuli mphunzitsi wina amene angamumvetse.

Apa ndi pamene panali nkhani, abale anga. Akanatha kusintha mphunzitsi. Akanatha kusintha aphunzitsi onse a m'boma la Dowa, koma kawerengedwe kake kakanakhala komweko.

Mayeso atayandikira, mantha anamugwira. Tsiku lina pa nthawi yopuma anakhala pansi pa mtengo kuseri kwa wodi n'kutulutsa pepala lija. Cholinga chake chinali kupeza umboni woti akawatsutsire aphunzitsi aja. Anaika chala pa mzere woyamba n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono, liwu ndi liwu. Anafika pakati, sing'anga sanaoneke. Chimene anapeza ndi ichi: mzimayi wa m'nkhaniyo ananyamuka mwana atangoyamba kutentha thupi, koma anapeza mlatho utakokoloka ndi madzi. Anazungulira njira yakutali, mwana ali kumsana, mvula ikumunyowetsa. Anachedwa chifukwa cha mlatho.

Mayi wathu uja anachotsa chala papepalapo. Nkhope inatentha ndi manyazi. Anali atamunamizira mzimayi wosalakwa, ndipo yankho linali pomwepo nthawi yonseyi, lolembedwa m'mawu amene iye ankawadziwa onse.

Loweruka anabwerera pakhonde paja. Anati, "Aphunzitsi, sing'anga sindinam'peze. Ndapeza mlatho."

A Mkwezalamba anaseka n'kumukokera mpando. Anati, "Khalani pansi. Lero ndiye mwayamba kuwerenga."

Kuyambira pamenepo anasintha. Akapatsidwa nkhani, ankaiwerenga yonse mpaka kumapeto, kenaka n'kuiyambiranso. Asanalembe yankho ankayamba waloza ndi chala pamene yankholo likuchokera. Akapanda kupapeza, sankalemba. Anazindikira kuti timawu tating'onoting'ono, totanthauza "koma" kapena "pokhapokha", timatha kutembenuza chiganizo chonse, ndipo kale ankangotidumpha. Nkhani zimene zinkamuvuta kwambiri sizinali za ndege kapena za maiko akutali. Zinali za chipatala ndi za kumudzi, chifukwa pamenepo mutu wake unkathamangira kuyankha maso asanamalize ntchito.

Mayeso anabwera, analemba modekha, ndipo anakhoza. Chaka chotsatira anatsanzikana ndi anzake a m'wodi n'kupita kusukulu ya anamwino.

Akhristu anzanga, tamverani bwino. Mayiyu sanagwe chifukwa cha umbuli. Anagwa chifukwa ankadziwa, ndipo kudziwako kunamutseka maso. Ambiri a ife tili chimodzimodzi pamaso pa Mawu a Mulungu. Tinabadwira mumpingo. Nyimbo timaimba osayang'ana m'buku. Wowerenga akangoyamba ndime, mumtima timati, "Iyi ndikuidziwa," ndipo makutu amatsekeka pomwepo. Thupi lili pabenchi, koma maganizo ali kumsika. Ena timafika ndi yankho lathu kale m'thumba. Mawu akunena za kukhululuka, ife tikumva kuti mnzathu uja ndiye ayenera kubwera kudzapepesa. Mawu akudzudzula mtima wouma, ife tikusuzumira mkazi wa pabenchi lakutsogolo. Tikuikamo zimene mulibe, ndipo zimene zilimo tikuzidumpha.

Mulungu sakukufunsani kuti mwakhala zaka zingati mumpingo. Akukufunsani kuti, kodi mwamva chimene ndanena? Ndipo ndikukutsimikizirani, Iye sabisa yankho. Sanatipatse mayeso otikola. Chimene afuna kwa inu analemba poyera, m'mawu amene ngakhale mwana angamve. Chosowa ndi mtima wodzichepetsa, wolola kukhala pansi ndi kumva mpaka kumapeto, ngakhale Mawuwo anene zosiyana ndi zimene munkayembekezera.

Tsono posachedwapa tiimirira kuti timve Mawu a lero. Mwina mwawamvapo kambirimbiri. Musawamalizire mumtima wowerenga asanamalize. Musawatumize kwa mnzanu. Amvereni ngati munthu amene akuwamva koyamba, pakuti lero akulankhula ndi inu.