Miyendo Imene Wided Ankadana Nayo

M'chipinda chimene Wided ankagona ndi mnzake Emna, kunyumba zogona atsikana a payunivesite mumzinda wa Sousse, munali galasi lalitali kuseri kwa chitseko. Emna ankangolidutsa, kuona ngati mpango wakhala bwino kumutu, basi. Wided ankaima pamenepo ngati munthu amene akuzengedwa mlandu.

Anali mtsikana wa kumapiri a ku Siliana, wamtali, wa mapewa otambalala ndi miyendo ikuluikulu yolimba ngati ya mayi ake. Kwawo zimenezi sizinali nkhani. Koma ali m'chaka chachiwiri cha maphunziro a zamalamulo, tsiku lina atajambulitsa ndi anzake pabwalo la sukulu, Syrine, mtsikana wa mumzinda wodziwika ndi pakamwa, anayang'ana chithunzicho pafoni n'kuphulika nako kuseka.

"Wided mnzanga, miyendo iyi ndi yako, kapena wabwereka nsanamira za mzikiti?"

Onse anaseka. Nayenso anaseka, poti ukakwinya nkhope amati sudziwa nthabwala. Pofika madzulo Syrine anali ataiwala. Koma kwa Wided mawuwo anali munga wothyokera m'phazi: suoneka, koma ukaponda umaumva.

Anayamba ndi kusiya buledi. Kenako anasiya chakudya chamadzulo. Kenako anagula tiyi wa masamba amene atsikana a pa intaneti, a m'chiuno ngati mavu, ankati amasungunula mafuta. Tiyiyo ntchito yake inali kumutsegula m'mimba. Emna, amene ankaphunzira zaunamwino, anaona zonsezi ndipo sanazikonde.

"Iwe, mayeso udzalemba ndi chiyani, mphepo? Tiye tikadye lablabi, msuzi wa tchana uja, ndamva kuti lero sakuumira tsabola."

"Ndadya kale."

"Wadya chiyani? Kachidutswa ka nkhaka? Ngakhale mbuzi ingakumvere chisoni."

"Za thupi langa uzisiye, Emna. Sunakhale dokotala."

Chimene chinkamulimbitsa mtima chinali pakamwa pa anthu. "Eee, Wided, waonda bwino! Chinsinsi chake n'chiyani?" Palibe amene ankafunsa ngati akugona tulo.

Loweruka lina mayi ake, Mayi Mbarka, anatsika minibasi atanyamula dengu: botolo la mafuta a azitona, buledi wa mung'anjo yawo, ndi kuskusi, timibulu ta ufa wa tirigu, wopanga okha ndi manja. Wided anawaonera patali akubwera kugeti, akuyenda mwa mphamvu zawo zija, miyendo ili m'masokosi akuda. Pabenchi pafupi ndi geti panali Syrine ndi anzake. Wided anathamanga, nawagwira mayi akewo pamkono, nawakhotetsera kamsewu ka kuseri.

"Sundilowetsa ndione pamene umagona?"

"Salola alendo, Amayi." Linali bodza.

Mayiwo anamugwira padzanja, chala chawo chachikulu n'kukumana ndi chapakati.

"Mwana wanga, akukumana chakudya kuno?"

"Ndi mmene anthu amaonekera kuno. Ine sindikufuna kudzakhala ngati..."

Sanamalize. Koma maso ake anali atatsikira kale pamiyendo ya mayi ake, ndipo mayiwo anawaona masowo. Anakonza mpango wawo, nam'patsa dengu, nabwerera kokwerera minibasi. Chakudya chonsecho Wided anapatsa mlonda wa pageti.

Pamene mayeso a kumapeto kwa chaka ankayandikira, tsitsi linayamba kutsalira m'chipeso. Dzuwa likuswa mtengo, iye ankavala juzi. Akawerenga tsamba, pofika pansi anali ataiwala za pamwamba. Emna anatopa n'kuchonderera. Anatenga nambala mufoni ya mnzakeyo mwakabisira naimbira ku Siliana: "Amayi, bwerani. Akandida andide, koma bwerani."

Mayi Mbarka anafika m'mawa wa tsiku la mayeso oyamba, ndipo anapeza chipwirikiti. Wided anali atadzuka kuti avale, n'kugwa pakati pa bedi ndi tebulo. Maso anali otsegula, koma miyendo inakana. Chipinda chawo chinali pamwamba penipeni, nyumbayo inalibe chikepe, ndipo ambulansi inkangoti ikubwera. Pansi panali takisi imene woyang'anira nyumbayo anaimitsa, koma atsikana amene anayesa kumunyamula ankangogwa naye.

Mayi Mbarka anavula nsalu yawo yofunda, nagwada.

"Ndiikireni kumsana."

"Amayi, simungathe," anatero Emna. "Masitepe ndi ambiri."

"Iwe mwana, ameneyu ndinakwera naye mitengo ya azitona ali m'mimba. Ndiikireni, ndati."

Anamumanga ndi nsaluyo ngati khanda, nadzuka. Wided anatsamiritsa tsaya pakhosi pa mayi ake. Ankamva fungo la utsi ndi sopo, ankamva mpweya wawo ukulemera, ndipo pansi pake ankamva miyendo ija ikuponda sitepe imodzi imodzi, osagwedera. Atsikana anadzaza m'makonde. Amene anathamanga kutsogolo kukatsegula chitseko chachikulu, atanyamula nsapato za Wided m'manja, anali Syrine, nkhope itachita kuyera ndi mantha.

Kuchipatala dokotala, mayi wachikulire wa magalasi, sanazungulire. Magazi anali ochepa, tiyi uja anali atatsuka mchere wa m'thupi, ndipo mtima unkagunda modumphadumpha. "Mukanachedwa, bwenzi tikukamba zina," anatero. Anawauzanso kuti matendawa satha ndi kumukakamiza mbale yodzaza. Afunika kudya pang'onopang'ono motsatira malangizo, komanso kumacheza ndi mlangizi wa za maganizo, chifukwa bala lenileni linali m'mutima ndi m'maso. Mayeso anamupita. Mwamwayi sukulu inamulola kudzalemba ndi obwereza.

Kuchira sikunabwere ngati mvula. Panali masiku amene ankalira atayang'anizana ndi supuni. Mayi ake sankamukalipira. Ankangokhala pambali, akudya zawo, akumuuza miseche ya m'mudzi mpaka mbale itatsika.

Atapezako mphamvu kwawo ku Siliana, mayi ake anapita naye ku hamamu, nyumba yosambiramo ya nthunzi, kumene amayi a m'deralo amasamba Lachinayi lililonse. Wided anali atasiya kupitako kuyambira ali kusekondale. Analowa akudzibisa ndi thawulo. M'nthunzimo munali matupi a mtundu uliwonse: mimba zimene zinabereka ana asanu ndi awiri, mabere ogwa, zipsera za mpeni wa kuchipatala, akuda, oyera, oonda ngati bango, onenepa oti kudzuka mpaka awiri awakoke. Ndipo onsewo ankaseka, kukhulana misana, kukangana za ukwati wa mwana wa uje. Azakhali ake, a Zohra, amene ankadzaza benchi okha, anamuona n'kukuwa.

"Loya wathu uyo! Bwera ukhale apa, ndikugawireko thako limodzi, ine ndili ndi ambiri!"

Wided anaseka mpaka nthiti kuwawa, kuseka kwake koyamba m'miyezi yambiri. Mayi ake anamukhazika pansi nayamba kumukhula msana. Poti sankayang'anana, mawu anatuluka mosavuta.

"Amayi, tsiku lija pageti..."

"Ndinaona. Ndinalira mu minibasi mpaka ku Kairouan, mpaka woyendetsa anandifunsa ngati kuli maliro."

"Mundikhululukire."

"Ndinakhululuka ndisanafike kunyumba." Anamuthira madzi ofunda pamapewa. "Tamvera, mwana wanga. Miyendo iyi sindinaisankhe pamsika. Ndinalandira kwa amayi anga, ndipo sinandinamizepo. Iwenso ndinakupatsa zimene ndinali nazo. Zina ndinalibe."

Wided anayang'ana miyendo yake itatambalala pamwala wofundawo, ili pafupi ndi ya mayi ake, maondo ofanana, akakolo ofanana. Kwa nthawi yoyamba sanaone cholakwa choti achikonze. Anaona mphatso imene anaiponya pansi, koma mwini wake osakwiya. Anawerama napsompsona dzanja la mayi akewo, lili ndi thovu lomwe.

Atabwerera ku Sousse, mayeso obwereza anakhoza. Kenako iye ndi Emna anapempha mlangizi wa pasukulupo kuti awathandize kuyambitsa kagulu. Lachitatu lililonse masana amayala mphasa pansi pa mtengo kuseri kwa laibulale, aliyense n'kubwera ndi chakudya chake. Lamulo ndi limodzi: palibe kunena za thupi la munthu, ngakhale kumuyamikira kuti waonda. Oyamba kubwera anali ochepa. Kenako kunabwera mtsikana amene ankadzola mankhwala oyeretsa khungu mpaka kutuluka zilonda, ndi mnyamata wa zaumisiri amene ankamwa maufa otupitsa minofu. Syrine nayenso anabwera, nakhala kumapeto kwa mphasa, ndipo patapita milungu anaulula kuti iye sajambulitsa cham'mbali chifukwa cha mphuno yake. Amene akufunika dokotala, Emna amawaperekeza yekha.

Sikuti mungawo unatheratu. Masiku ena Wided amaumvabe. Koma Lachitatu akamalongedza mbale, foni imalira, ndipo funso limakhala lomwelo.

"Wadya?"

"Ndadya, Amayi. Ndawonjezeranso."

"Mulungu atamandike. Uwauze anzakowo kuti mafuta atsopano akubwera, asadye buledi wouma ngati ana amasiye."

Akatseka foniyo amathokoza Mulungu chamumtima, chifukwa cha mnzake amene analolera kudedwa, chifukwa cha mtima umene ukugundabe, ndi chifukwa cha mayi amene ananyozedwa koma n'kubwerabe. Thupi limene munthu ali nalo anachita kulandira kwa amene anamubala, ndipo wolinyoza amanyoza woperekayo. Akuluakulu sananame pamene anati: mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.