Mbatatesi za Nagama Zomwe Zinadwala Shuga

Ena amati mwambi wa mkuyu ngwakalekale. Asakunamizeni, ana inu. Unabadwira ku Lizulu, tsiku limene mbatatesi zinapezeka ndi shuga.

Kunali mayi wina, Nagama, mlimi wa mbatatesi. Chaka chimenecho anakolola zikuluzikulu moti imodzi ankainyamula anthu awiri, wachitatu akulondolera njira. Kenaka kunamveka kuti kampani ina yokazinga tchipisi cha m'mapaketi ikufuna mlimi mmodzi yekha woti izimugula chaka ndi chaka, koma idzabwera pakatha miyezi iwiri. Nagama mtima unali m'mwamba. Miyezi iwiri! Nanga zikamera, zikafota, adzaziyang'ana ndani?

Anathamangira kwa mlamu wake Bizaliyele, woyang'anira chipinda chozizira chosungiramo mkaka.

"Alamu, ndisungireni matumbawa."

"Muno ndi mwa mkaka, alamu. Mbatatesi ndi mtembo kodi, yoti izigona pozizira?"

"Inu zanu n'kutsekula chitseko basi."

Anatsekula. Zinagona mmenemo miyezi iwiri, n'kutuluka zosalala ngati masaya a mkwatibwi.

Tsiku litakwana, alimi anandandalika matumba pansi pa mkuyu wa pamsika. Pafupi ndi Nagama panali mnzake Nambewe, amene anangosunga zake pathandala m'nyumba yamdima. Zinali zotuwa, zina zitayamba timakwinya.

"Amnzanga, zanuzi mwabwera nazo kudzagulitsa kapena kudzazipempherera?" anatero Nagama.

Wogula wa kampani ija, a Chimwaza, sanayang'ane n'komwe khungu. Anatulutsa kachipangizo konga foni, nadula mbatatesi ya Nambewe, n'kudonthezera madzi ake pakapepala kolowetsa m'kachipangizomo.

"Si koyezera shuga kuchipatala aka?" anafunsa Nagama.

"N'kachibale kake, mayi. Mbatatesi ikachuluka shuga, mumafuta otentha imada, ndipo mumapangika poizoni woipa m'thupi. Sitingapatse ana zimenezo."

Kanalira kuti tswii. "Izi zili bwino," anatero a Chimwaza.

Anafika pa thumba la Nagama. Mpeni unalowa. Dontho linagwa. Nagama anangoti maso tong'o. Kachipangizo kanakhala ngati kakuganiza kaye. Kenaka tswii! tswii! tswii! mpaka agalu a ku Mozambiki anayankha.

"Munazisunga kuti, mayi?"

"Pozizira, bambo. Kuti zisafote."

"Ndiye vuto lake. Kuzizira kwambiri kumasandutsa chakudya cha m'kati mwa mbatatesi kukhala shuga."

"Yesaninso ina, chonde. Onani kukongola kwakeku!"

Anayeza zisanu, zonse chimodzimodzi. Anapempha mnyamata wa chiwaya kuti akazinge pang'ono: za Nambewe zinatuluka zoyezuka, za Nagama zoderako ngati zapsa ndi lupsa. Galimoto inapakira za Nambewe n'kumapita.

Nagama anakhala pansi patsinde pa mkuyu uja. Nkhuyu yofiira bwino inamugwera pachitenje. Anaibanthula mosaganiza, ndipo m'kati munali nyerere zokhazokha, zili yakaliyakali. Anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuionetsa kwa anthu.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero, "m'kati muli nyerere."

Mawuwo anakwera basi tsiku lomwelo n'kufika dziko lonse. Tanthauzo lake n'lakuti maso amathera pakhungu. Kaya ndi mbatatesi, kaya mnyamata wa nsapato zonyezimira akukufunsira, yamba wabanthula uone za m'kati usanameze.