Nkhadze ya Nguluwe pa Dambo la Mbira

Kalekale, phiri la Mulanje lisanaone sowo ya ocheka matabwa, kunali Mbira. Ana inu senderani kuno, nanu akuluakulu lekani kusinza. Ine ndayenda mapiri ambiri mpaka zidendene kung'ambika, koma iyi ndinaitola kumeneko, masiku amene mikungudza inkanunkhira ukadali kutali.

Mbirayo anali wamasiye, ndi ana ake kuphanga. Chuma chake chinali chimodzi: kadambo kobisika pakati pa zitunda, kodzaza chinaka, timbatata tija ta m'phiri. Anawo ankakulira pomwepo.

Tsiku lina m'mwezi wa chiperoni kunatulukira Nguluwe. Anali atamaliza chinangwa cha m'munsi, atamaliza masuku, mimba ili ndendende koma mphuno ikufunabe. Anangofika fukufuku, fukufuku, m'dambo la eni.

"Odi amaodira, a Nguluwe!" anakuwa Mbira ali pamwala. "Kapena kwanu makomo munadya?"

"Mayi, musandisokose. Phiri lili ndi maiko awiri. Kumwamba kopanda mitengo ndi kwa inu a m'miyala. Kumunsi konse nkwanga. Tayang'anani mikungudza iyo, ili pamwamba pa dambo lino. Ndiye dambo lili kuti? Kumunsi!"

"Mwayeza ndi chiyani?"

"Ndi miyendo. Sindinatope pofika pano."

"Miyendo yanu ndi ya mimba, siitopa kukakhala chakudya. Kuno malire salemba miyendo, amalemba chisanu. Pamene mtengo wa kwanu wakana kumera, dziko lanu lathera pomwepo. Ine pano sindichoka, ngakhale mundipondeponde."

Khwangwala wa khosi loyera, amene ankaweruza milandu ya m'phirimo, anatera pafupi. Anati, "Kodi kumudzi malire samabzala nkhadze? Bwerani nayo, a Nguluwe. Pamene igwire ndi panu. Pamene ifote ndi pa Mbira."

Nguluwe anaseka mpaka mano onse pamtunda. Nkhadze! Mtengo woti ukauponya pa chulu umera, ukauiwala pamsewu umera!

Apa Mbira anagwa pansi, nayamba kugubuduka. "Mayo ine! Dambo tengani, atsibweni, bzalani ziwiri, zitatu. Koma thanthwe ilo la pamwamba, lowothera dzuwa ana anga, musakabzaleko. Chonde, thanthwe lokha!"

Wadyera akamva kuti "ichi chokha ayi," ndicho chimamukomera. Nguluwe anatsika, nabwera ndi nthambi ziwiri, utomoni uli chuchuchu pakamwa. Ina anazika pakati pa dambo. Inayo, yonenepa, anakwera nayo wefuwefu, nakailowetsa mumng'alu wa thanthwe.

Tsono Mbira anali mlesi wodziwika, wongokhalira kuwothera dzuwa. Koma mlesi wa m'mawa amaona zambiri. Ankadziwa kuti chisanu chili ngati madzi: chimatsetsereka m'zitunda nkukagona m'chigwa. Pathanthwe mphepo siichilola kukhala, ndipo mwala umasunga kutentha kwa dzulo.

Kutacha, dambo lonse linali mbuu, udzu uli gwa ngati minga. Nkhadze ya m'dambo inayamba kuda kunsonga.

"Yangodabwa malo," anatero Nguluwe.

Kutachanso, dambo mbuu. Nkhadze yawerama.

"Ikupereka ulemu," anatero Nguluwe, koma mawu akuchepa.

Madzulo ake anaganiza zobera. Anati, "Ndiifungatira ngati nkhuku pa mazira." Anagona pompo, nkhadze ili pamimba.

M'mawa Mbira anatsika ndi ana ake ndi Khwangwala. Anapeza chimulu choyera pakati pa dambo, chikunjenjemera njenjenje. Ubweya wa pamsana uli njoo, mamina aundana pamphuno, mano akuombana gwedegwede.

"Mwadzuka bwanji, eni dziko?" anafunsa Mbira. "Taimani tione mbewu."

Nguluwe anadzuka movutikira. Nkhadze inali bii, lobodo, yophwanyika ndi mimba yomwe.

"Ndaiphwanya ndine! Si chisanu! Tibzalenso!"

"Bzalani," anatero Mbira. "Koma mugonenso pomwepo, kuti mukhale mboni."

Nguluwe anayang'ana udzu woyerawo, nayang'ana ziboda zake zosamva kanthu.

Anakwera onse kuthanthwe. Kumeneko nkhadze inali chilili, yobiriwira, ikuwothera dzuwa.

Khwangwala anakonza kukhosi. "Mlandu watha. Dambo, ngakhale lili pansi, ndi dziko la chisanu, la Mbira. Thanthwe, ngakhale lili pamwamba, nkhadze yagwira. Ndi lanu, a Nguluwe. Idyani."

"Ndidye chiyani? Mwala?"

"Muli ndi mano aatali," anatero Mbira. "Yambirani kumbali uku, nkofewa."

"Ndiye iwe ndi ana ako musadzapondenso pano!"

"Miyala yowothera dzuwa ndi yambiri, atsibweni. Dambo la chinaka ndi limodzi."

Nguluwe anafukula thanthwe kamodzi, mphuno inaphwatalala. Anatsika phiri akuyetsemula, osacheuka. Mpaka lero mphuno yake ndi yophwatalala, ubweya wa pamsana sunagonenso, ndipo akamva mphepo ya chiperoni amalowa m'nkhalango zowirira za m'munsi. Ana a Mbira anakula onenepa, moti khosi silioneka.

Nthano yanga yatsikira pomwepa, chisanu chaipeza panjira. Sonkhezani moto. Koma mawa wina akadzabwera ndi chimimba chake kudzakuyezerani malire a kwanu, musakangane naye kwambiri. Muyalireni mphasa m'dambo.